Dishi idakali pakhoma, koma ife tikuonera za pansungwi

Kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Bvumbwe kuli nsungwi yaitali yomwe tinaimangirira kuchipupa cha khitchini ndi mphira. Kunsonga kwake kuli eliyo yoloza cha ku Limbe. Alendo akafika amayamba aona dishi yomwe ili pakhoma la kumaso, kenako maso n'kugwera pansungwi ija, ndiye funso limabwera: "Kodi aphunzitsi, ziwiri zonsezi n'zachiyani?" Ndimawauza kuti dishiyo inapuma ntchito mu 2023 ndipo sitinaiyatsenso. Ena amangogwedeza mutu, mumtima akuti thumba linabooka. Sindikana, ndalama ilipo pankhaniyi. Koma zikanakhala za ndalama zokha, bwenzi nditabwererako kalekale mwezi wina zinthu zitayendako bwino.

Dishiyo ndinagula mu 2018, mpira wa dziko lonse uli pafupi kuyamba ku Russia. Ndinaisungira ndalama miyezi ingapo, ndipo tsiku lomwe mmisiri anaikhoma ndinamva kuti nanenso ndakhala bambo wa pakhomo. Kuyambira pamenepo, malipiro akangolowa, ndalama ya TV inkachoka limodzi ndi ya magetsi ndi ya chigayo, osakambirana n'komwe. Ana ankaonera zidole zawo, mayi akunyumba mafilimu a ku Nigeria, ine mpira wa ku England Loweruka ndi Lamulungu masana.

Mu 2020 mayi anga atatisiya, tinawatenga bambo kuti tizikhala nawo. Bambowa anagwira ntchito zaka zoposa makumi atatu ku esiteti ya tiyi, mpaka kufika pa ukapitawo. Ndi munthu wokonda nkhani kwambiri, woti mtengo wa feteleza ukasintha amayamba kudziwa ndi iwo. Koma pabalaza sankakhalitsa. Ankakhala pang'ono, kuyang'ana azungu akulankhula mothamanga pakanemapo, kenako n'kunyamula kawailesi kawo ka mabatire kupita nako pakhonde. Matchanelo akwathu analipo ndithu padishipo, koma limoti ikakhala m'manja mwa ana kapena mwanga, ankawafika ndani? Zaka zitatu zathunthu ndinkaganiza kuti bambo sakonda TV. Ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Kukayika kwanga kunayamba usiku wa pa 25 Januwale 2022. Flames inali itafika mu ndime ya matimu 16 ya mpikisano wa maiko a mu Africa (AFCON) ku Cameroon, ikukumana ndi Morocco. Ndinali nditalipiriratu mwezi wonse, n'kuitana anzanga awiri kuti tidzaonere limodzi. Koma dzulo lake namondwe Ana anali atagwa, madzi a mu Shire n'kuononga malo opangira magetsi ku Kapichira, dziko lonse lili bii. Tinakhala pakhonde, mvula ikuwaza, titazungulira kawailesi ka bambo. Mphindi yachisanu ndi chiwiri Gabadinho Mhango atamenya chigoli chija kuchokera kutali, tinakuwa mumdima osaona kanthu. Tinagonja 2-1. Chigolicho ndinadzachiona patapita masiku awiri, pafoni, pa Facebook, nditatchajitsa kumsika kwa munthu wa jenereta. Ndinachibwereza kasanu ndi kamodzi, ndipo zinangondidyera timayunitsi tochepa.

Palibe amene ndingamuloze chala pa usiku umenewo, namondwe ndi namondwe. Koma chaka chonse chotsatira magetsi anali othimathima, ndipo ndinayamba kuwerengera. Ukalipira mwezi, masiku amayenda basi, kaya waonera kaya sunaonere. Kuonjezera apo, mvula ya kuno ku Thyolo mukuidziwa. Dishi imalandira sigino kuchokera ku setilaiti yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndiye mtambo wakuda ukaunjikana, siginoyo imalephera kuboola. Mpira uli pakati, chithunzi chimayamba kuduka timabokosi, kenako zii. Disembala mpaka Malichi zimenezi zinali za sabata ndi sabata.

Kenako mu Ogasiti 2023 kunabuka nkhani ija ya kampani ina yaikulu ya madishi ndi bungwe loyang'anira za kuulutsa mawu ndi mauthenga la MACRA, yokhudza kukweza mitengo, yomwe inakafika mpaka kukhoti. Pofika Seputembala kampaniyo inasiya kuonetsa, ndipo nyumba zambiri, yathu yomwe, zinalibe choonera. Sabata yoyamba ana anali ngati amasiye. Sabata yachiwiri mnzanga wina wakusukulu anati, "Bwanji osangogula eliyo ndi dekoda ya Kiliye Kiliye, muzionerako nkhani poyembekezera?" Ine m'mutu mwanga eliyo inali chinthu chakale, cha nthawi ya TVM, kanema wa boma yemwe anayamba mu 1999, pomwe chithunzi chinkadzaza timadontho ngati mchenga, munthu n'kumangoganizira kuti uyu ndi wowerenga nkhani. Mnzangayo anandifotokozera kuti zinthu zinasintha. Maiko anagwirizana kuti pofika Juni 2015 asamukire ku njira ya dijito, ndipo kuno kwathu ntchito youlutsa matchanelo m'njira imeneyi ili m'manja mwa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni ake a Kiliye Kiliye. Njirayi dzina lake ndi DVB-T2. Sigino imachokera pansanja zomwe zili pamapiri konkuno, osati kumwamba kwa mitambo.

Loweruka lotsatira ndinakwera minibasi wa ku Limbe, n'kubwerako ndi dekoda, eliyo yonga minga ya nsomba, ndi waya wakuda mamita makumi awiri. Nsungwi tinakadula kudimba kwa apongozi. Poyamba tinaimika kumaso kwa nyumba, koma kunali chabe. Pakanema pamaoneka timizere tiwiri, kena kosonyeza mphamvu ya sigino, kena ubwino wake, ndipo kachiwirika kanangokhala pansi osasuntha. Mwana wanga wamkulu, yemwe nthawi imeneyo anali Sitandade 8, ndi amene anazindikira kuti mabulugamu a kwa aneba aima ndendende mbali ya ku Limbe. Tinasamutsira nsungwi kuseri, pomwe pali mpata pakati pa mitengo. Iye anagwira nsungwi panja, ine ndili pawindo, mayi ake ali pa TV.

"Zungulitsa pang'ono kumanzere!"

"Apa?"

"Wapitirira, bwerera. Pang'onopang'ono, mwanawe."

Kamzere kaja kanayamba kukwera, n'kusanduka kobiriwira. Tinasaka matchanelo, ndipo anatuluka mmodzimmodzi: MBC, Times, Zodiak, ndi ena a mipingo. Chithunzi chinali choyera mbee, moti mayi akunyumba anafunsa kawiri ngati ndithu chikuchokera pansungwipo. Ubwino ndi kuipa kwa dijito n'komweko: palibe za mchenga zija. Ikagwira yagwira, ikapanda kugwira palibe chomwe uone.

Madzulo a tsiku limenelo ndi amene anasintha maganizo anga. Nkhani za m'Chichewa zitayamba, bambo anali pakhonde ndi kawailesi kawo monga mwa masiku onse. Atamva mawu akuchokera m'nyumba anasuzumira pakhomo, n'kuima pomwepo atagwira ndodo. Ankaonetsa anthu a ku Mulanje ndi Phalombe omwe namondwe Freddy anawagwetsera nyumba mu Malichi chaka chomwecho, ena akadali m'misasa. Mwana wamng'ono anawasunthira mpando. "Agogo, khalani apa." Anakhala, n'kuzimitsa kawailesi, kukaika pansi pa mpando. Nkhani zitatha sanadzuke. Anayamba kutifotokozera za mudzi wina womwe unatchulidwa, kuti anapitako ali mnyamata kukafuna anthu othyola tiyi, kuti mtsinje wa kumeneko ukadzaza sumva za munthu. Anakamba mpaka nsima inazizira patebulo. Ana anga anali asanawamvepo agogo awo akuyankhula nthawi yaitali chomwecho.

Kuyambira tsiku limenelo mpando umenewo ndi wawo. Nthawi ya nkhani ikayandikira amafunsa okha, "Kodi magetsi alipo?" Amatsutsana ndi aphungu a ku Nyumba ya Malamulo ngati akuwamva. Akaonetsa maliro a mfumu kapena mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, amaitana mayi akunyumba kukhitchini, "Apongozi, tabwerani mudzaone, awa ndi akwathu awa." Matchanelo atachepa, limoti inasiya kukhala chinthu cholimbirana, ndipo munthu amene tinkamusiya panja analowa m'nyumba.

Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Shuga, mafuta ophikira, sopo, minibasi, zonse zinakwera sabata imodzi. Ndiye mu Disembala titamva kuti za padishi zabwerera, tinakhala pansi ine ndi mayi akunyumba, ana atagona. Chimanga chinali chitafika m'mawondo, chikufuna feteleza wobereketsa, komanso fizi ya Januwale inali pakhomo. Iwo anati, "Bambo a ana, ine sindikuletsani mpira wanu. Koma tawerengani ndalama ya miyezi khumi ndi iwiri, muone ngati si matumba a feteleza amenewo." Ndinatenga cholembera n'kuwerengera kuseri kwa kope la ana. Anali matumba ndithu. Makampani a madishi sindiwada ayi, mapulogalamu awo amagula ndi madola, kwacha ikagwa nawonso amalira. Koma ine malipiro anga ndi a makwacha, ndipo sakwera tsiku lomwe dola yakwera.

Tsono eliyo payokha sikanatikwanira, ichi ndinene mosabisa. Ana amafuna zidole, mayi amafuna mafilimu ndi nyimbo za kwaya, ine ndimafuna kudziwa zomwe zachitika ku mpira wakunja. Apa ndi pomwe intaneti inalowera. TV yathu ndi yakale, si zija zolowa zokha pa intaneti, ndiye ndinagula kabokosi kakang'ono ka Android kolumikiza kumbuyo pa HDMI. Foni yanga ndi yomwe imagawa netiweki kudzera pa hotspot.

Mwezi woyamba tinapsa nazo. Ndinagula bandulo yoti itifikitse kumapeto kwa mwezi, koma inatha masiku anayi. Nditafufuza ndinapeza zifukwa ziwiri. Kabokosi kaja kankasankha kokha chithunzi chapamwamba kwambiri, ndipo YouTube ikamaliza kanema mmodzi inkangoyambitsa wina, ana atatuluka kale kukasewera, TV ikudziyankhulira yokha pabalaza. Muyenera kudziwa kuti intaneti imadyedwa molingana ndi kuyera kwa chithunzi. A Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, amanena okha kuti chithunzi wamba chimatha kudya gigabaiti imodzi pa ola, pomwe cha HD chimafika magigabaiti atatu. Choyamba, pa YouTube mukalowa pa zosankha n'kutsitsa chithunzi kuika 360p kapena 480p, ola lomwelo limadya pafupifupi theka la gigabaiti kapena kucheperapo, ndipo pa TV ya mainchesi 32 ngati yathu, mutakhala pampando chapatali, maso sadandaula. Chachiwiri, zimitsani kaja kotchedwa autoplay, komwe kamayambitsa kanema wina kokha. Chachitatu chomwe ndinaphunzira mochedwa: kanema amene ana amamubwereza tsiku ndi tsiku ndi bwino kumusunga mufoni kamodzi, kusiyana n'kumamukoka pa intaneti ulendo uliwonse. Mabandulo a Airtel ndi TNM amasinthasintha, ndiye ndimakhala ndi mizere yonse iwiri, n'kumayang'ana kuti mwezi uno yotchipa ili kuti, komanso kuti netiweki ikugwira bwino mbali iti ya nyumba. Kwathu imagwira bwino pawindo la kuchipinda kwa ana, ndipo foni imagona pamenepo tikamaonera.

Netflix tinaiyesa miyezi iwiri n'kuisiya. Imafuna khadi ya kubanki yolipirira kunja, ndipo umalipira kawiri, ya iwowo ndi ya bandulo. Zambiri zomwe banja lathu limafuna zili pa YouTube ndi Facebook kwaulere: makwaya a CCAP ndi a Katolika, masewero a achinyamata akwathu omwe akujambula okha masiku ano, ulaliki, maphunziro a masamu omwe mwana wamkulu amagwiritsa ntchito pano ali ku sekondale. Nyumba zoulutsa mawu ngati Zodiak, Times ndi Mibawa zimaonetsanso zambiri pa Facebook nthawi yomweyo zikuchitika, ndiye magetsi akazima timatsatira pafoni. Mafilimu ataliatali mayi akunyumba amakaikitsa mufulashi kwa anyamata obena kumsika, aja omasuliridwa m'Chichewa, omwe bambo nawonso amaseka nawo mpaka kutsokomola. Za Starlink, intaneti ya pa setilaiti yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, ndimazimva kwa anzathu a malodge ndi maofesi. Kwa mphunzitsi wa pulayimale ngati ine, imeneyo ndi nkhani ya mtsogolo.

Chomwe ndinataya ndi mpira wa ku England wa pompopompo, ndipo zimandikhudza. Loweruka masana thupi limakumbuka lokha. Anyamata ena anandionetsa timasamba ta pa intaneti toonetsa mpira mwakuba, koma ndinakana. Chithunzi chimaimaima, bandulo imatha ngati madzi a mumsuko wobooka, ndipo pamatuluka zithunzi zolaula ndi za juga zomwe sindingafune mwana wanga azione pa TV ya pabalaza. Ndiponso kuba ndi kuba, ngakhale kukhale kwa pafoni. Masewero akakhala aakulu ndimayenda wapansi kupita ku vidiyo sho ya pamsika, kulipira kandalama kochepa pakhomo, n'kukhala pabenchi ndi anyamata a kabaza ndi ogulitsa kabichi. Ena mwa iwo ndinawaphunzitsa Sitandade 5, ndipo amandisungira malo kutsogolo. Masewero ena onse ndimaona zigoli zokha m'mawa mwake, mphindi zitatu basi. Zigoli za Temwa Chawinga ku Kansas City Current, chaka chija cha 2024 anamwetsa 20 mu ligi ya ku America, tinazionera momwemo, ine ndi mwana wanga wamkazi, mitu itagundana pafoni imodzi. Ndipo ndabwerera ku mpira wathu. Bullets ndi Wanderers zikamakumana pa Kamuzu Stadium, pakhomo pano pamakhala phokoso, chifukwa bambo ndi a Manoma kuyambira kale pomwe zidzukulu zawo zonse ndi za Maule.

Pali vuto lina lomwe intaneti inabweretsa, lomwe palibe anandichenjeza. Dishi, ndi zovuta zake zonse, inkatisonkhanitsa pamalo amodzi. Foni imabalalitsa. Panafika nthawi yoti mayi ali kuchipinda ndi foni yawo, mnyamata ali pakhonde ndi yanga, wamng'ono akulirira kuti naye apatsidwe, bambo atsala okha pabalaza. Ndinaona kuti tikubwerera komwe tinachoka, kungoti ulendo uno otuluka m'nyumba ndi ife. Tinapangana kuti kuyambira nthawi ya nkhani mpaka titadya, mafoni amakhala pamwamba pa kabati, yanga yomwe. Chofuna kuonera pa intaneti chizionetsedwa pa TV, aliyense achione. Mnyamata ananyinyirika sabata ziwiri, kenako anazolowera. Lamulo limeneli ndimaliteteza kuposa la bandulo.

Anzanga a ku Mulanje amandifunsa ngati eliyo ingagwire kwawo. Yankho langa ndi loti musagule musanayese. Sigino ya eliyo imayenda mowongoka, ndipo phiri likaima pakati pa inu ndi nsanja, palibe nsungwi yomwe ingalipose. Phiri la Mulanje si chulu, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Mlamu wanga amakhala m'chigwa, m'munsi mwenimweni mwa phirilo. Ndinamutengera dekoda ndi eliyo yanga tsiku lina, tinazungulira nayo nyumba yonse mpaka kukwera padenga, koma kamzere kaja sikanasunthe. Iye adakali padishi, ndipo kwa iye n'zoyenera. Kuno ku Thyolo nakonso malo ndi okwera ndi otsika, wa pamtunda akhoza kugwira pomwe wa kutsidya kwa dambo akulephera. Yang'anani madenga a aneba. Ngati pali maeliyo, onani komwe aloza, mubwereke imodzi Loweruka muyesere. Mukakhoma, polumikizira waya ndi eliyo mukulungepo tepi bwinobwino, chifukwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimalowetsa chinyezi pang'onopang'ono mpaka waya kuchita dzimbiri mkati. Ife zinatichitikira chaka choyamba, tinadula kansonga n'kulumikizanso. Ndipo mabingu akayamba, zulani waya wa eliyo kumbuyo kwa dekoda. Chitsulo chili pamwamba pa nsungwi chimaitana mphenzi.

Mdani wina ndi mphepo. Mphira ukafooka, nsungwi imatembenuka pang'ono, ndipo pang'ono pomwepo ndi pokwanira kuti chithunzi chithawe.

Zinatero pa 24 Seputembala 2025, tsiku lomwe bungwe loyendetsa zisankho la MEC linkalengeza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha pa 16. Pabalaza panali podzaza. Aneba omwe alibe TV anabwera ndi mipando yawo, amayi anayala mkeka pansi, ana ali m'mawindo. Anthuwo sanavotere munthu mmodzi, ndipo aliyense ankadziwa za mnzake, koma anakhala phewa ndi phewa. Tinadikira nthawi yaitali. Wapampando wa bungwelo, Justice Annabel Mtalimanja, atangoyamba kuyankhula, kunja kunadutsa chimphepo cha fumbi chija cha mwezi umenewu, malata n'kulira. Nkhope yawo inaduka timabokosi, mawu n'kumeza, kenako kanema yense bii.

M'nyumba monse munamveka "Aaa!" Wina anatulutsa foni, koma netiweki inali itadzaza, kachizindikiro kakungozungulira. Ndisanadzuke n'komwe, mnyamata wanga anali atatuluka kale, osavala nsapato. Tinamumva akulimbana ndi nsungwi kuseri. Ulendo uno amene anaima pawindo sanali ine. Bambo anadzuka okha pampando wawo, ndodo n'kuisiya pansi, n'kukankha windo.

"Kumanja, mdzukulu wanga! Kumanja pang'ono!"

"Apa, agogo?"

"Wapitirira. Bwerera. Eya, pomwepo! Usasunthe!"

Chithunzi chinabwerera. Mphira unali utaduka, ndipo panalibe nthawi yofuna wina. Mnyamatayo anaima kuseri atakumbatira nsungwi ndi manja onse awiri mpaka kulengeza kunatha, agogo ake ali pawindo, diso limodzi pa TV, akumubwerezera manambala mmodzimmodzi.